Dzina la pa Belo

Tidanyamuka ku Lilongwe m'mamaŵa tsiku lina Lachisanu m'mwezi wa Juni, chisanu chitayamba kuluma, udzu wa m'mbali mwa mseu utafiira kale. Tidalipo anthu anayi m'galimoto, ndipo tinkapita kukacheza ndi abale a mpingo wina wa kumidzi m'boma la Kasungu, amene adatiitana kuti tikakhale nawo pa chipembedzo cha masika. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Kasungu pali makilomita pafupifupi 130, ndipo munthu woyenda mseu umenewu nyengo yotere safunsa kuti eni dziko amalima chiyani. Tisanapitirire n'komwe pa Kanengo, pamene pali msika waukulu wa fodya, tidayamba kukumana ndi malole ondondozana ngati linthumbu, onse atasenza mabelo okutidwa m'ziguduli.

Koma chimene chidatikopa maso poyamba ndi maina. Pa Lumbadzi, pa Mponela ndi pa Madisi, masitolo, zigayo ngakhale tinyumba tometera tsitsi tili ndi maina otapa m'Baibulo: apa Ebenezeri, apo Beteli, patsogolo pang'ono Kanani. Malole nawonso adalembedwa mavesi pamphumi ndi kumbuyo. Mmodzi mwa ife adayamba kuŵerenga maina otereŵa, koma adatopa naleka tisanafike pa Madisi. Tidaseka, komabe mumtima tidadzifunsa ngati mwini sitolo ya Beteli amakumbukira dzina la pakhomo pake pamene akupima shuga ndi mchere. Paja lamulo lachitatu, lija loletsa kutchula pachabe dzina la Mulungu, munthu angathe kuliswa ndi utoto monga momwe amaliswera ndi pakamwa.

Titaoloka mtsinje wa Bua dziko lidatambasuka. Kuno kulibe zitunda zobisa mudzi kwa unzake. Maso amangopita mpaka atatopa okha, ndipo kutali patsogolo phiri la Kasungu limaima lokhalokha ngati chulu pakati pa dambo. Fodya adali atathyoledwa kale m'minda, ndipo pafupi ndi nyumba zambiri padali zigafa zopanda kanthu, mikangala ili lende. Mitengo ikuluikulu njosoŵa. Amene adadutsa kuno zaka 50 zapitazo amasimba za nkhalango ya miombo ndi misuku, koma idathera ku nsichi za zigafa ndi ku moto wa m'mabalani.

Achinyamata athu ayenera kudziŵa m'mene dziko lino lidasandukira la fodya. M'zaka za m'ma 1970 malo aakulu a kuno adadulidwa kukhala maesiteti. Ena adali a kampani ya Press, imene idali m'manja mwa Dr H. Kamuzu Banda mwini, ena a nduna ndi akuluakulu a boma, ndipo alimi ena ankalima pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Lamulo la masiku amenewo silinkalola mlimi wamba wa pamudzi kulima fodya wa bale, uja woumira m'zigafa. Wosauka wofuna kulaŵako ndalama zake ankayenera kukakhala tenanti pa munda wa wina. Choncho mabanja ambirimbiri adachoka ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mangochi ndi ku Dedza, kumene minda idachepa, nadzamanga tinyumba taudzu m'mphepete mwa minda ya eni. Khomo lidayamba kutsekuka mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima bale, koma utenanti sudathe. Ambiri amene dzulo adali osauka adangosanduka mabwana a osauka anzawo.

Tidaima pa Chinkhoma, msika wa fodya umene uli m'mbali mwa mseu munthu asanafike pa boma. Mmodzi mwa ife adagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndiye amene adatitsogolera. Ukangoloŵa m'nyumbamo fungo la fodya limakanda kukhosi, ndipo mlendo amayetsemula eni ake namuseka. Mabelo adandandalikidwa m'mizere italiitali, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 100, litamasulidwa kukamwa. Pamwamba pa belo lililonse pali kachikalata kolembedwa nambala ya mlimi kapena ya kalabu yake, ndi kulemera kwa belolo. Mtengo umatchulidwa m'madola a ku America pa kilogalamu. Masiku ano fodya wochuluka amagulidwa mwa pangano limene mlimi amachita ndi kampani asanafese n'komwe, koma ameneyonso amadzera pomwepa kudzaonedwa. Thukuta la miyezi yonse ija, kuyambira pothirira nazale m'dzuŵa la Okutobala, kuokera, kuthyola, kusoka, kusankha, mpaka kudinda pa jeke, limaŵeruzidwa m'kanthaŵi kosakwanira ndi kumwa chikho cha madzi.

Tidaona kuti woyesa fodya sakhutira ndi masamba a pamwamba. Amapisa dzanja m'kati mwenimweni mwa belo, nasolola kamtolo, nakanunkhiza, nakatambasula. Mnzathu uja adatifotokozera chifukwa chake. Alimi ena podinda amayala masamba okongola pansi ndi pamwamba, pakati n'kubisapo fodya woola, wonyoŵa kapena zinyenyeswa, ena mpaka mchenga ndi miyala kuti sikelo ikwere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Belo lotere likagwidwa limachotsedwa pamzere, mwini wake amalipira zolisankhanso, ndipo choopsa koposa nchakuti nambala ija imadziŵika. Chaka chamaŵa ogula akaiona amapisa dzanja kaŵiri. Ngati nambalayo nja kalabu, alimi khumi oona mtima amapsa ndi moto wosonkha mmodzi. Ife tili pomwepo belo lina lidakokedwa pamzere. Mwini wake sadaoneke. Mwina adali kumudzi, akudikira uthenga wa ndalama. Padangotsala nambala yake kumuimira pamaso pa anthu osamudziŵa.

Dziko lathu lonse lidalaŵapo zotere. Pa 1 Novembala 2019 boma la America lidalamula kuti fodya wochokera ku Malaŵi aziimitsidwa pa madoko ake, chifukwa cha mbiri yakuti amalimidwa ndi ana ndiponso ndi anthu ogwira ntchito mokakamizidwa. Sadafunse kuti belo ili nla yani ndipo ilo nla yani. Dzina la pa chiguduli lidali limodzi, Malaŵi, ndipo makampani ogula adachita kudziyeretsa imodziimodzi.

Madzulo a tsiku lomwelo tidapatukira ku Chilanga, pafupi ndi boma, kumene dzina la Khristu lidakhazikika poyamba m'dera lino. Phiri la Kasungu lidali likulu la Mwase, mfumu ya Acheŵa imene David Livingstone adaichezera mu 1863. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Angerezi adathira nkhondo mudzi wa Mwase Chibisa, ndipo iye adadzipha posafuna kugwidwa. Patapita zaka zisanu, mu 1900, Dr George Prentice wa Mishoni ya Livingstonia adadzakhala kuno, nayamba kuchiritsa, kuphunzitsa ndi kubatiza. M'zaka zoyamba za m'ma 1920 a Livingstonia adapereka Kasungu m'manja mwa a Dutch Reformed a ku Nkhoma, ndipo mu 1926 a Nkhoma adaloŵa nawo pansi pa dzina limodzi la CCAP. Lero pa Chilanga pali tchalitchi ndi masukulu, ina mwa iwo ya ana osaona.

Titaima pamenepo, phiri lili poteropo, tidakumbutsana kuti Chibisa adafa koma Mwase sadafe. Kwathu kuno dzina la ufumu amachita kuloŵa. Woloŵa dzina amaloŵanso ulemu, milandu ndi ngongole za amene adalinyamula iye asanabadwe, ndipo akachita zopusa akulu sati wadzichititsa manyazi, amati waononga dzina. Momwemonso mnyamata wochokera ku dambwe ankabwera ndi dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina laubwana kudali kumutukwana. Makolo athu tsono sadavutike kumvetsa pamene amishoni adati wobatizidwa wasanduka munthu wina. Buku la Machitidwe 11:26 limatiuza kuti ophunzira adayamba kutchedwa Akhristu ku Antiokeya, ndipo Katekisma wa ku Heidelberg wa 1563, amene a Dutch Reformed adadza naye, ali ndi funso lake lapadera, la 32, lofunsa chifukwa chimene munthu amatchedwa Mkhristu. Yankho lake limaloza kwa Khristu, amene ife tili ziŵalo zake. Dzinali lili ndi mwini wake. Ife tidachita kuloŵa, monga Mwase aloŵa Mwase, ndipo anthu osamudziŵa Mwiniyo amamuyesa pa ife.

Mwana wa kuno wotchuka koposa onse adali ndi maina ambiri. Makolo ake adamutcha Kamuzu chifukwa cha muzu wa mankhwala umene amai ake adalandira asanamubale. Pobatizidwa ndi Dr Prentice adatenga dzina la Hastings, la mmishoni wina amene iye ankamusirira. Ku Edinburgh adadzozedwa mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo ankakonda kukumbutsa anthu zimenezi pa misonkhano. Pambuyo pake anthu adamuonjezera ena, Ngwazi, Mkango, Wamuyaya. Ku Mtunthama, pafupi ndi mtengo wa kachere pamene adaphunzirira a, e, i, o, u, adamanga Kamuzu Academy, imene idatsekulidwa mu 1981. Koma mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza, ndipo mmodzi wa iwo, Aaron Gadama, adali mwana wa Kasungu yemweyu. Bwalo la milandu lidamasula Dr Banda mu Disembala 1995, ndipo mwezi wotsatira iye adapepesa Amalaŵi chifukwa cha zoŵaŵa zimene ena adachita m'dzina lake. Ife sitili oŵeruza ake. Tili ndi zathu zoti tivomereze, pakuti pamene mabishopu a Chikatolika adatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ambiri a ife a chigawo chapakati tidakhala chete, ena tidaŵadzudzula, poteteza dzina la mwana wa kwathu.

Loŵeruka tidasiya phula n'kuloŵa mseu wafumbi, ndipo tidafika kumudzi dzuŵa litapendeka. Tidafikira kunyumba kwa mkulu wa mpingo, bambo okalamba a imvi mbuu, odziŵika dera lonselo kuti ndi mlimi wa fodya wosamala. Mai a kunyumbako adatiphera nkhuku, ndipo tidagona bwino.

Chipembedzo cha masika chidali chokoma. Amai a Chigwirizano adaloŵa akuimba, atavala zoyera ndi zakuda, atasenza malichero a mtedza, nyemba ndi soya. Abambo adakoka matumba a chimanga, wina mbuzi, ndipo ena adangoika maenvulopu m'mbale. Aliyense adadziŵa kuti m'menemo muli ndalama za ku Chinkhoma. Tidayang'ana kudenga n'kuona malata oŵala. Mpingo umene sukondwa kuona mnyamata wake akusuta ukupemphera pansi pa malata ogulidwa ndi fodya, ndipo dziko limene mu 2023 lidaloŵa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta likudalirabe mbeu yomweyi kuti lipeze ndalama zakunja. Imeneyi ndi nkhani ya tsiku lina, koma tisayerekeze kuti kulibe. Abusa adalalikira pa Chivumbulutso 3:1, za mpingo wa ku Sarde umene udali ndi mbiri ya moyo pamene m'kati udali utafa. Ankalalikira modekha, osaloza munthu.

Usiku, titadya, bambo aja adatuma mdzukulu kuti akaŵatengere buku lina m'sutukesi. Lidali buku lakale la chikuto chakuda, lodyeka m'mbali.

"Abale anga," adatero, "lero mwandiona ndikutsogolera abusa kuguwa. Tsono taonaninso ili."

Lidali buku la ngongole za matenanti. Kwa amene simudauone utenanti, unkayenda chotere: mwini munda ankapatsa tenanti malo, mbeu, feteleza, khasu ndi chimanga cha mwezi ndi mwezi, zonse n'kuzilemba kuti ndi ngongole. Tenanti ankalima ndi mkazi wake ndi ana ake, pakuti munthu mmodzi sangathe kusoka fodya wa munda wathunthu, ndipo nyengo yothyola ana ankaleka sukulu. Pomaliza ankagulitsa fodyayo kwa mwini munda yekhayo, pa sikelo ya mwini munda, pa mtengo wonena mwini munda, ngongole n'kuchotsedwa. Ena ankatsala ndi ndalama zogulira njinga kapena wailesi. Ena ankauzidwa kuti ngongole yaposa fodya, n'kukhalanso chaka china. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021, koma lamulo la papepala limachedwa kufika ku chigafa.

Pakati pa bukulo padali kalata yopindidwa, yofiirira ndi ukalamba. Idali kalata yosamukira mpingo, yochokera ku mpingo wina wa ku Mulanje, wa Sinodi ya Blantyre, yochitira umboni kuti mwini wake ndi mkazi wake ndi Akhristu odya Mgonero, opanda mlandu.

"Munthu ameneyu adafika pano ndi ana anayi," adatero bambowo. "Atamva kuti ndine mkulu wa mpingo adakondwa kwambiri. Adati, bwana, Mulungu wandifikitsa pa mbale. Adandipatsa kalatayi ndi manja aŵiri kuti ndikaipereke ku bwalo la akulu. Ine ndidaiika m'bukumu."

Tidafunsa ngati adaiiŵala.

"Iyai. Ndikadaiiŵala bwenzi ndikugona tulo. Ndidaona kuti dzina lake likaloŵa m'buku la mpingo, ndidzayenera kumupatsa chikho Lamulungu, ndiye Lolemba ndidzamuyang'ana bwanji pa sikelo? Adandifunsa katatu. Ndinkangoti akulu sadakumane. Zaka ziŵiri adakhala pa benchi ya kumbuyo, Mgonero ukamachitika iye n'kumatuluka ndi a kalasi."

Kenaka idadza njala ya 2002. Amene mudaiona simufuna kukumbutsidwa. Chimanga chidasoŵa m'misika, chosungidwa m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, ndipo m'mwezi wa Febuluwale boma lidalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kasungu adali mmodzi mwa maboma okanthidwa koposa. Anthu adadya gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo maesiteti ambiri adachotsa matenanti posoŵa choŵapatsa.

"Chimanga chidalipo pang'ono," adapitiriza bambowo, "koma ndidaŵerengera ana anga. Ndidaitana mabanja atatu n'kuŵauza kuti azipita kwawo. Fodya wawo adali m'munda, wamtali chonchi, atatsala pang'ono kuthyoledwa. Munthu wa kalatayu sadanditukwane. Adangoti, bwana, nanga kalata yanga ija? Ndidati ili kwa abusa. Adanyamula kamwana pamapewa, mkazi wake mphika pamutu, n'kuloŵera ku boma wapansi. Fodyayo ndidathyola ndi aganyu, ndidagulitsa pa nambala yanga, ndipo adagulidwa bwino. Malata a nyumba mukugonayi ndi amenewo."

Mai a kunyumbako adakhala chapakhomo akusenda mtedza, osatukula mutu. Adangoti, "Ine ndidaŵauza nthaŵi yomweyo." Bambowo adavomera kuti zidalidi choncho.

"Chikhalire belo langa silidabwezedwepo pa okushoni ngakhale kamodzi," adatero. "Mukafunse ku Kanengo, mukafunse ku Chinkhoma. Nambala yanga njoyera."

Tidakhala chete kanthaŵi, nyali ikuphethira. Tonse tinkadziŵa zimene Yakobo 5:4 amanena za malipiro obisidwa a okolola m'minda, koma kuŵerengera munthu vesi limene lamusoŵetsa tulo zaka zoposa 20 ndi kuthira mchere pa chilonda. Ndiponso, tikanena zoona, aliyense wa ife adali kuganiza za kunyumba kwake: za mtsikana wantchito amene malipiro ake amachedwa mwezi ukatha, za mlonda amene sitidamufunsepo kumene amapemphera. Mmodzi mwa ife, wamng'ono pa tonse, adatchula za Zakeyu, amene adabweza zimene adalanda.

"Mwana wanga, Zakeyu ankadziŵa kumene anthu ake ankakhala," adayankha bambowo. Adatiuza kuti ndalama za fodya uja adaziŵerengera kale pa mtengo wa lero, ndipo adazipatula. Mabanja aŵiri ena aja adaŵapeza, lina ku Dedza, lina pa esiteti ina ya komweko ku Kasungu, ndipo adaŵalipira pamaso pa mboni. Antchito ake a masiku ano amalandira pa mwezi, ndipo poyesa fodya sikelo amaŵerenga ndi iwowo. Koma wa kalatayu sadamupeze. Adalembera ku mpingo uja wa ku Mulanje kaŵiri, ndipo yankho lidabwera lakuti banjalo silidabwerereko, ndi kuti dzina lawo lidachotsedwa m'buku tsiku limene adapatsidwa kalata. Chichokere kwawo munthuyo sadalembedwenso m'buku la mpingo uliwonse. Mphekesera yokha idamveka, yakuti kamwana kaja ka pamapewa sikadafike patali.

Lolemba m'maŵa, tikutsanzika, bambowo adatipatsa kapepala kamene adakoperapo dzina la munthuyo, la mkazi wake ndi la mudzi wawo, popeza mmodzi mwa ife ali ndi abale ku Mulanje. Mainawo sitiŵalemba pano. Tidadutsanso pa Chinkhoma malole ali pamzere kudikira kuloŵa, madalaivala akuotha moto m'mbali mwa mseu. Kufikira lero mnzathuyo wafunsa m'mipingo iŵiri, ndipo sadapezeke woŵadziŵa. Akuti mwezi wamaŵa akafunsanso ku Phalombe. Kalata yeniyeniyo bambo aja adaibwezera m'buku lakuda lija, pa tsamba la Febuluwale 2002.